Tsiku Limene Petulo Anachira pa Wayilesi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Giredi 6, tikukhala ku Kabwata m'nyumba ya kanselo ya zipinda ziwiri. Anali masiku a chipani chimodzi, nkhondo ikuyakabe kutsidya la Zambezi, ndipo m'masitolo a m'tauni mashelufu anali opanda kanthu. Unga, sopo, shuga ndi saladi, monga timatchulira mafuta ophikira kuno ku Lusaka, zonsezi munthu ankazipeza ataima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Atate ankayendetsa galimoto ya boma. Amayi ankagulitsa zitumbuwa pakhomo akapeza fulawa. Ana tinalipo awiri, ine Ezelina ndi mlongo wanga Petulo, yemwe anali ndi zaka zinayi.

Petulo anamwalira m'nyengo ya mvula, sukulu itangotsegulidwa. Chinayamba ndi chikuku, kenako chifuwa chinamugwira. Ku kiliniki anamupima n'kulemba dzina la mankhwala pa kapepala, ndipo anauza Atate kuti akagule okha chifukwa m'kabati munalibe. Atate anayenda msewu wa Cairo wonse, anafika mpaka ku Emmasdale kumene wina anawanong'oneza kuti kuli wasitolo amene amabisa mankhwala pansi pa kauntala, koma anabwerako ndi kapepala komweko katanyowa ndi thukuta. Ine tsiku limene anatisiya ndinali kusukulu. Nditabwerako ndinapeza mipando ili panja ndipo azimayi a kumpingo atayamba kale kuimba. Tinakamuika ku manda a ku Leopards Hill.

Abale a ku Katete atabwerera kwawo, dzina la Petulo linazimiririka m'nyumba mwathu. Palibe analetsa kulitchula, koma palibenso ankalitchula. Atate ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo, kudya, kugona. Amayi anamanga zovala zake m'chitenje n'kukapereka kwa banaChanda, mayi wachibemba wa nyumba yoyandikana nafe, amene anasambitsa thupi la Petulo pa tsiku la maliro. Panali kamalaya kena kofiira ka mizeremizere. Ndinkati ndikatuluka panja n'kukaona kakuthamanga pakati pa nyumba, mtima wanga unkadumpha, kenako mwanayo akatembenuka nkhope inali ya Chanda, mwana wa mayiyo.

Ntchito yanga pakhomo inali ya pamzere. Kukamveka kuti lole ya unga ifika ku sitolo ya boma, Amayi ankandidzutsa m'bandakucha kuti ndikagwire malo. Pamzerepo pankanunkha utsi wa mbaula umene unali m'zitenje za azimayi ndi fumbi la msewu, ndipo anyamata a chipani ankayendayenda ndi timikwapulo, akufunsa makadi ndi kubweza olowerera. Mwana analibe woyankhula naye. Ndiye ndinayamba kuyankhula ndekha chamumtima, ndikugwirizanitsa mawu ndi kaimbidwe ka nyimbo zimene tinkadumphira chingwe. Mizere yoyamba inabwera yokha:

Petulo anadwala tsiku la mvula,
Thupi linatentha ngati mbaula.

Tsiku lina ndinawonjezera za Atate:

Atate anayenda, kapepala m'thumba,
Sitolo ndi sitolo, nyumba ndi nyumba.
"Kulibe, bambo, mubwerenso mawa."
Mawa linafika, Petulo kulibe.

Sindinkadziwa kuti zimenezi zili ndi dzina. Sindinkazilembanso, poti makope anali osowa moti limodzi tinkalidula pakati kuti likwanire maphunziro awiri. Ndinkangozibwereza mpaka zitakhazikika m'mutu, ndipo mzere wa unga uliwonse unkabala gawo latsopano. Panali gawo la mipando panja, la lole imene inatinyamula kupita kumanda, la kamalaya kofiira, ndi lina la m'mawa umene Amayi anayatsanso mbaula n'kukazinga zitumbuwa koyamba maliro atatha, misozi ikugwera m'fulawa koma manja osaleka. Pofika nyengo yozizira inali nkhani yaitali ndithu, yoyamba ndi matenda n'kumapita mpaka pamene nyumba yathu inayambanso kupuma.

Amene anaitulukira anali Mayi Sakala, aphunzitsi athu a Chinyanja. Anali mayi wamtali, woyankhula mofatsa, wonunkhira sopo wabwino ngakhale masiku amene tonsefe tinkasamba madzi okha. Tsiku lina anati aliyense abwere ndi ndakatulo yoloweza. Anzanga ananena za m'buku, za mvula ndi za mbendera. Ine ndinalibe buku, choncho ndinaimirira n'kunena gawo la matenda ndi la kapepala. Nditamaliza, Mayi Sakala anali atatembenukira ku bolodi ngati akufuna kulemba, koma sanalembe kanthu. Belu litalira anandiuza kuti nditsale. Anandifunsa kuti ndaitenga kuti, ndipo nditawauza kuti ndi yanga, anandikhazika pa benchi pafupi nawo n'kundiuza kuti iwonso anaika mwana wawo woyamba ali wakhanda, ndipo panalibe aliyense pasukulupo amene ankadziwa. Misozi yawo ndinaiona ndi maso angawa. Mpaka lero sindikayika kuti inali yeniyeni.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse anzanga akamaliza kusesa n'kumapita, ine ndinkatsala. Ndinkanena gawo limodzi, iwo akulemba pa mapepala awo ndi cholembera chobiriwira, nthawi zina akundiimitsa kuti ndibwereze. Ankandithirira tiyi wa m'fulasiki wawo, wothira shuga weniweni. Ankati chimene ndikupangachi ndi buku, nkhani yathunthu yoyenda m'ndakatulo, ndipo ana ambiri amene anataya abale awo adzaipeza ngati mnzawo. Kunyumba dzina la Petulo linali lolemera kulinyamula, koma m'kalasi muja ndinkalitchula mmene ndingafunire, ndipo munthu wamkulu ankamvetsera. Ndinawakonda mayi amenewo kuposa mmene ndinkakondera Amayi anga m'miyezi imeneyo, ndipo ndinawauza zinthu zimene sindinauzepo wina aliyense.

Mphepo ya fumbi itayamba, anandiuza kuti mlamu wawo amagwira ntchito ku wayilesi, ku pulogalamu ya ana ya Loweruka masana, ndipo akufuna kumupatsa nkhani yanga. Poyamba anati ndidzapita kukawerenga ndekha. Patapita milungu anati zimenezo zavuta, awerenga mwana wina wozolowera makina a kumeneko, koma dzina langa adzalitchula. Sindinadandaule. Ndinathamanga kukauza mzere wonse wa nyumba zathu. Amayi ndinawapeza akuchapa, ndipo ndinawauza kuti Loweruka pa wayilesi padzamveka ndakatulo yanga, ndipo ndi ya Petulo. Aka kanali koyamba kutchula dzinalo pamaso pawo. Anasiya kuchapa, manja ali m'beseni. Koma Loweruka litafika anasamba, anavala chitenje chawo cha kumpingo, n'kutenga mphasa.

Wayilesi yabwino pamzere wathu inali ya Ba Mulenga, amuna awo a banaChanda, amene ankagwira ntchito ya njanji. Mabatire anali atawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti apezeko mphamvu. Anaika wayilesiyo pa mpando pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu anasonkhana, ambiri a iwo omwe aja anagona pamaliro pathu. Atate anakhala chapatali pa njerwa, akusenda nzimbe.

"Bwelani pafupi, banaEzelina," anatero Ba Mulenga kwa Amayi. "Lelo ni siku yanu."

Woulutsa anatchula dzina langa lonse, sukulu yanga ndi Kabwata. Ana anakuwa, banaChanda anandigwira paphewa. Kenako kunamveka mawu a mtsikana, oyera bwino, a Chinyanja chopepuka cha ana a ku Kabulonga amene kwawo amayankhula Chingerezi. Mizere iwiri yoyamba inali yanga ndithu, ya mvula ndi mbaula, ndipo ndinaona Amayi akuweramitsa mutu. Yotsatira sindinaidziwe.

Atate anathamangira ku kiliniki yathu,
Mankhwala analipo, zikomo Chipani chathu.
Petulo anamwa, Petulo anagona,
M'mawa anadzuka, akuseka tinamuona.

Ndinaganiza kuti mwina asokoneza mapepala ndipo abwerera. Koma mtsikanayo anapitiriza mokondwera. Petulo anachira, ananenepa, anayamba sukulu, anaima pamzere ndi anzake kuimbira mbendera. Munalibe kapepala m'thumba, munalibe lole, munalibe kamalaya. Pansi pa mango palibe anayang'ana mnzake. BanaChanda anachotsa dzanja paphewa langa pang'onopang'ono. Pamene mawu aja ankati Petulo akakula adzakhala dokotala, Amayi anatulutsa kaphokoso kamene sindinakamvepo, ngati munthu waponda khala la moto koma akuopa kukuwa. Anaimirira, anapinda mphasa yawo bwinobwino, n'kumapita kunyumba. Ba Mulenga anazimitsa wayilesi ndakatulo isanathe.

Ndinawatsatira. Ndinawapeza ataima kuchipinda, akuyang'ana khoma.

"Wamuukitsa mwana wanga kuti akutchule pa wayilesi?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinayesa kufotokoza kuti si mmene ndinanenera, koma mawu ankatuluka osalongosoka, ndipo ndinalibe pepala lililonse loti ndiwaonetse. Iwo anali asanamvepo nkhani yangayo ngakhale mzere umodzi. Chimene anamva ndi dzina langa, kenako bodza, pamaso pa anthu amene anakumba nawo manda. Anandiuza kuti ndituluke. Atate nditawapeza panja anangoti mwina zakhala bwino kuti zamveka choncho, ndipo anapitiriza kutafuna nzimbe osandiyang'ana.

Tsiku lotsatira titachoka kutchalitchi, kunabwera tcheyamani wa nthambi ya chipani ya m'dera lathu, bambo wamfupi wokonda kuseka, amene pamaliro aja anayankhulapo mawu opepesa. Anagwira Atate chanza kwa nthawi yaitali, nati mwana wawo waika Kabwata pamwamba, ndipo pa chikondwerero cha tsiku la ufulu ndidzaime kutsogolo ndinene ndakatuloyo ndi pakamwa panga. Atate anavomera akumwetulira. Ndinaona kuti kumwetulirako kunatha tcheyamaniyo asanafike n'komwe pa geti.

Lolemba sindinadikire Lachisanu. Anzanga atatuluka kukapuma, ndinapita pa tebulo la Mayi Sakala. Ndinkayembekezera kuti andiuza kuti nawonso apusitsidwa, kuti mlamu wawo ndiye wasintha, ndipo tikanalira limodzi. Ndinali nditawakonzera kale chifukwa chimenecho m'mutu mwanga. Koma iwo anatseka chitseko n'kundiuza mosabisa kuti mlamuyo atawerenga anakana, nati nkhani yonena kuti ku kiliniki kulibe mankhwala singaulutsidwe, ndipo wina akaiona angafunse kuti mwanayu akumuphunzitsa ndani. Choncho anakhala pansi iwo eni n'kuilembanso.

"Atate ako amayendetsa galimoto ya boma, Ezelina. Nyumba mukukhalayo ndi ya kanselo. Ukufuna mukagone kuti?"

"Mukanangondibwezera, Aphunzitsi."

"Ndiye akanakumva ndani? Pano dziko lonse lamva dzina lako."

Ndinapempha mapepala aja a cholembera chobiriwira. Anati anawatentha, chifukwa sizinali zinthu zosunga m'nyumba. Kenako anatsegula fulasiki n'kundithirira tiyi monga mwa masiku onse, ndipo anakankhira kapu kwa ine. Ndinaiyang'ana ikutuluka nthunzi, ndinatuluka osaikhudza. Ndinakhala m'kalasi mwawo mpaka chaka chinatha, ndikuyankha akandifunsa, koma Lachisanu ndinkasesa msanga n'kutuluka ndi anzanga.

Kunyumba Amayi ankandipatsa chakudya ndi kundituma, koma osandiyang'ana kumaso. Panjira ana ankandifunsa kuti Petulo ali kalasi yanji tsopano. Azimayi ena ankati mwana ameneyu ndi wochenjera, adzafika patali, ndipo kanenedwe kake sikanali koyamikira. Ndakatulo zinauma m'mutu mwanga. Ndikaima pamzere ndinkangowerenga zidendene za anthu.

Kenako kunamveka kuti unga ukubwera koma azipereka thumba limodzi pa munthu, ndiye Amayi anati tipite tonse awiri. Tinaima kunja kwa sitolo dzuwa likutuluka, iwo patsogolo, ine kumbuyo kwawo, mphuno yanga ili pafupi ndi mfundo ya duku lawo. Lole inachedwa. Dzuwa linakwera, azimayi ena anakhala pansi pa miyala. Sindikudziwa chimene chinandilimbitsa mtima, mwina n'chifukwa choti sankandiona nkhope. Ndinayamba kunena chapansipansi, kumsana kwawo, kuyambira pa mvula ndi mbaula. Sanatembenuke. Ndinanena za kapepala, za masitolo, za mawa limene linafika. Mayi wina amene anali pambali pathu anasiya kuyankhula ndi mnzake. Mnyamata wa chipani anadutsa ndi kamkwapulo kake, ndinatseka pakamwa, ndipo atapitirira ndinayambira pomwe ndinasiyira. Ndinafika pa gawo limene ndinkati Petulo anatsirizika pa mphasa kunyumba, Atate atamugwira dzanja, poti ndi mmene ndinkaganizira kuti zinachitikira.

"Si choncho," anatero Amayi, akuyang'anabe kutsogolo.

Kenako anandiuza mmene zinakhalira.

"Sanafere pa mphasa. Ndinabwerera naye ku kiliniki m'mawa uja, iwe utapita kusukulu. Anatibweza. Anafera kumsana kwanga pa msewu wa Burma, tikubwerera. Ndinamva akulemera, koma sindinamutsitse mpaka kunyumba." Anakonza chitenje chawo m'chiuno. "Ukonze pamenepo. Pitiriza."

Ndinapitiriza mpaka pa gawo la zitumbuwa. Lole itafika mzere unasokonekera monga mwa nthawi zonse, anthu akukankhana, ndipo Amayi anabweza dzanja kumbuyo n'kundigwira pamkono mwamphamvu kuti ndisatayike. Tinabwerera kunyumba aliyense atasenza thumba lake, ndipo madzulo ake anandiitana kuti ndikhale nawo pa mbaula.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chikondwerero cha ufulu chichitike, Amayi anandikweza basi n'kukandisiya kwa azakhali anga ku Chelstone. Tcheyamani atabwera kudzanditenga, Amayi anamuuza kuti ndadwala mashagada ndipo masaya atupa moti sindingatsegule pakamwa. Atate anaima pambali pawo n'kuvomereza. Ndinamva kuti ndakatuloyo anainena mtsikana wina wa Giredi 7, ndipo anthu anaomba m'manja. A pamzere wa nyumba zathu sanapiteko ambiri.

Zaka zambiri ndinkawaona Mayi Sakala ngati munthu woipa basi, ndipo zinkandipepukira kuganiza choncho. Nditakula n'kuyamba ntchito yanga m'boma lomwelo, ndikusunga khadi la chipani m'chikwama monga aliyense, ndinadziwa kuti mantha awo sanali opeka. Anthu ankachotsedwadi ntchito chifukwa cha mawu ochepa kuposa anga, ndipo mwina Atate akanavutikadi. Zimenezo ndimazivomereza. Chimene sindinathe kuchivomereza n'chakuti mantha ankangofuna kuti nkhaniyo isaulutsidwe. Sanawatume kuti alembe ina, aikepo dzina langa ndi la mwana wakufa, n'kuitumiza m'makutu mwa mayi wake popanda kutifunsa. Pamenepo panali china, kufuna kuti mwana wa m'kalasi mwawo amveke pa wayilesi, ndipo anachitcha kundithandiza. Ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti munthu angalire nawe misozi yeniyeni, n'kutenga chimene wamuuzacho kukachita nacho zake, iye akukhulupirira ndi mtima wonse kuti wakukomera mtima.

Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo nkhani ya Petulo tinaimaliza awiri. Ankandiuza pang'onopang'ono, tikusenda mbatata kapena tikudikira basi, zinthu zimene ine sindikanazidziwa: mawu amene Petulo ankalephera kutchula, mmene ankaopera nkhuku za banaChanda, nyimbo imene anapempha ali m'malungo. Ine ndinkaziika m'mizere n'kuwanenera, iwo n'kumakonza. Sitinaitumize kulikonse.

Tsopano ndimainenera adzukulu anga akabwera patchuthi, gawo limodzi patsiku. Chaka chathachi wamng'ono kwambiri, amene ali ndi mtima wofewa, anandigwira pakamwa titafika pa msewu wa Burma, n'kundipempha kuti ulendo uno wokha Petulo achire. Ndinamunyamula n'kumukhazika pamiyendo panga. Ndinamuuza kuti nkhani zina tingazisinthe mmene tingafunire, za nyama ndi za mafumu, koma iyi ili ndi eni ake, ndipo anaisenza kumsana mpaka kunyumba osaitsitsa. Analira pang'ono, ndinamusiya alire. Kenako anapukuta mphuno ndi dzanja n'kundifunsa chimene chinachitika mawa lake, ndipo ndinamuuza.